Mabakiteriya Amene Amabisala M'maselo Athu ndi M'maamiba: Mafunso ndi Mayankho

Ambirife tinaphunzira kuti kachilombo kakalowa m'thupi, asilikali a m'thupi amakathamangitsa, kukagwira n'kukameza, nkhani n'kuthera pomwepo. Nthawi zambiri zimaterodi. Koma pali mabakiteriya ena amene kumezedwako ndiye amakufuna. Akangofika m'mimba mwa msilikaliyo amakhazikika, kudya, n'kuberekana momwemo. Chifuwa chachikulu, taifodi ndi chibayo cha Legionella ndi ntchito za mabakiteriya oterewa. Ndipo ena mwa iwo luso limeneli sanaliphunzirire pa munthu ayi. Analiphunzirira m'madzi ndi m'matope, pa kanthu ka selo limodzi kotchedwa amiba.

Kodi m'kati mwa selo muli malo oti bakiteriya n'kukhalamo?

Alipo, ambiri ndithu. Mutandandalika mabakiteriya a Legionella 500, mutu kumchira, angangokwana milimita imodzi. Selo la m'mapapo limene limawameza ndi lalikulu kuwirikiza ka 10 m'mimba mwake, choncho limatha kusunga mazanamazana lisanaphulike.

Obisalawa ali m'magulu awiri. Ena amatha kuberekana kunja kwa selo, koma mpata ukapezeka amalowa. Salmonella, Listeria, Brucella ndi bakiteriya wa TB ali m'gulu limeneli. Ena anazolowera za m'kati moti panja sangaberekane n'komwe, monga Chlamydia ndi Rickettsia. Amenewa anataya majini ambiri opangira zakudya zawo chifukwa zonse amazipeza zophikaphika kwa mwininyumba. Chlamydia trachomatis ali ndi majini pafupifupi 900 okha, pamene E. coli wa m'matumbo mwathu ali nawo opitirira 4,000.

Nanga selo likameza bakiteriya wamba, chimachitika n'chiyani?

Mu 1882, Elie Metchnikoff ali ku Messina, m'dziko la Italy, anatenga minga ya maluwa a rozi n'kubaya nayo tiana ta kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi. Tianato n'toonekera m'kati ngati galasi. Kutacha, anapeza maselo oyendayenda ataunjirira mingayo. Anazindikira kuti m'thupi muli maselo amene ntchito yawo ndi kudya zachilendo, ndipo mu 1908 analandira mphoto ya Nobel.

Limodzi mwa maselo amenewa limatchedwa macrophage, dzina la Chigiriki lotanthauza wamkulu pakudya. Likakumana ndi bakiteriya, limatambasula khungu lake n'kumukulunga m'kathumba kotchedwa phagosome. Poyamba kathumbako si koopsa, koma kamasintha mofulumira. Timapampu ta pakhungu lake timapopera asidi m'katimo mpaka muyezo wa pH, umene umatsika asidi akamachuluka, utatsika kuchoka cha pa 7 kufika pa 5 kapena kutsikirapo. Kenako kathumbako kamalumikizana ndi lysosome, timatumba tina todzaza ndi mankhwala ogaya. Selo limathiramonso mankhwala owotcha opangidwa kuchokera ku okosijeni, limachotsamo ayironi kuti mlendoyo afe ndi njala, n'kumuthira kopa ndi zinki wochuluka kuti amuphe. Bakiteriya wamba satenga nthawi, amasungunuka.

Machenjerero onse amene tikambe m'munsimu ndi osokoneza ulendo wa kathumba kameneka. Wina amauimitsa panjira, wina amaupatutsa, wina amaboola kathumbako n'kuthawa.

Kodi amiba ndi chiyani? Ndi yemwe uja amayambitsa kamwazi?

Ayi, woyambitsa kamwazi ndi Entamoeba histolytica, ndipo amakhala m'matumbo mwa munthu. Amene tikunena pano ndi maamiba odziyendera okha m'chilengedwe, monga Acanthamoeba, Vermamoeba ndi Naegleria. Ali m'dothi, m'mitsinje, m'nyanja, m'mathanki ndi m'mapaipi, padziko lonse. Ambiri alibe nafe ntchito, ngakhale kuti Acanthamoeba amatha kuwononga diso ndipo Naegleria fowleri akalowa m'mphuno amakawononga ubongo.

Chakudya cha amiba ndi mabakiteriya, ndipo kadyedwe kake n'kofanana kwambiri ndi ka macrophage: kukulunga m'kathumba, kuthira asidi, kubweretsa zogayira. Mapuloteni ambiri amene amayendetsa ntchitoyi ndi a mtundu umodzi mwa onse awiri. Ndiye bakiteriya amene wadziwa kupulumuka m'mimba mwa amiba ali kale ndi kiyi wotsegulira selo la m'mapapo mwa munthu, ngakhale kuti munthu sanamuonepo.

Zinadziwika bwanji kuti amiba ndi matenda a anthu zimakhudzana?

Nkhaniyi inayamba ndi maliro. Mu July 1976, anthu amene anakhalapo asilikali, a m'bungwe la American Legion, anachita msonkhano pa hotelo ya Bellevue-Stratford ku Philadelphia. Atabwerera kwawo, ambiri anadwala chibayo choopsa. Odwala onse anakwana 221, ndipo 34 anamwalira. Kwa miyezi ingapo akatswiri anafufuza osapeza kanthu. Ena ankati ndi chimfine cha nkhumba, ena ankati ndi poizoni. Chakumapeto kwa chakacho, Joseph McDade wa ku CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, anabwerera ku zimene anatenga m'matupi a mbira zoyesera, n'kuziyang'ananso modekha pa maikulosikopu. Anaonamo mabakiteriya, ndipo mu January 1977 zinalengezedwa kuti woyambitsa wapezeka. Anamutcha Legionella pneumophila.

Anazemba nthawi yonseyo chifukwa ndi wosankha zakudya. Pa chakudya cha nthawi zonse cha m'labotale samera. Amafuna ayironi ndi cysteine, kamodzi mwa tizidutswa timene timapanga mapuloteni, ndipo lero amamuweta pa chakudya chakuda bii chosakaniza ndi makala. Apa m'pamene panabuka funso lina. Ngati kanthuka n'kovuta chotere kukadyetsa m'labotale, kamachulukana bwanji m'madzi a m'mapaipi, momwe mulibe chakudya chenicheni?

Yankho linachokera ku Leeds, ku England. Mu 1980, Timothy Rowbotham anasakaniza Legionella ndi maamiba a m'madzi ndi m'dothi. Mmalo mogayidwa, mabakiteriyawo anaberekana m'kati mwa maamibawo mpaka kuwaphulitsa. Chaka chomwecho ku New York, Marcus Horwitz ndi Samuel Silverstein anaonetsa kuti bakiteriya yemweyo amachita zomwezo m'maselo oyera a magazi a munthu.

Tafotokozani bwinobwino, Legionella amachita chiyani akangomezedwa?

Tiyerekeze kuti munthu wapumira kadontho ka madzi kochokera mu shawa, ndipo kafika pansi penipeni pa mapapo. Macrophage amabwera n'kumeza bakiteriyayo. Horwitz anaona kuti nthawi zina selo limachita kumukulunga ndi mkono umodzi wopyapyala, kuzungulira kangapo ngati munthu akukulunga ulusi.

Kathumba kasanatsekeke n'komwe, bakiteriya amakhala atayamba kale ntchito. Ali ndi kachipangizo kokhala ngati jakisoni, kotchedwa Dot/Icm, kamene kanapezedwa m'ma 1990 ndi magulu a Ralph Isberg ndi Howard Shuman. Ndi jakisoni ameneyu amabaya mapuloteni ake kudutsa khungu la kathumbako kulowa m'selo. Mapuloteniwo ndi a mitundu yopitirira 300, ndipo palibe bakiteriya wina wodziwika bwino amene amabaya yochuluka chotere kupatula abale ake omwe.

M'selo muli timatumba tambirimbiri tonyamula katundu, ndipo kalikonse kali ndi chizindikiro chonena kumene kakupita. Mapuloteni a Legionella amafufuta chizindikiro chonena kuti "izi n'zokagaya" n'kuikapo chonamizira kuti kathumbako ndi mbali ya fakitale ya selo yopangira mapuloteni, yotchedwa endoplasmic reticulum. Pamphindi zowerengeka chabe, timatumba tochokera ku fakitaleyo timayamba kumata pakathumba ka mlendoyo. Pakapita maola angapo, kathumbako kamakhala katavala chovala cha fakitale mwakuti lysosome amangokadutsa osakazindikira.

Zikatero bakiteriya amayamba kugawikana, pafupifupi maola awiri alionse. Pomatha tsiku limodzi kapena awiri, selo limakhala ladzaza tho. Chakudya chikayamba kutha, mabakiteriyawo amasintha maonekedwe: amafupika, amalimba khungu, amamera mchira wosambirira. Selo limaphulika, iwo n'kumwazikana kukafuna lina. Mu amiba zimayenda chimodzimodzi, ndipo bakiteriya amene amuchotsa jakisoni uja amagayidwa mwa onse awiri.

N'chifukwa chiyani afunikira mapuloteni 300? Si zongodzichulukitsira?

Funsoli linawazunguza mutu ofufuza, chifukwa ukachotsa puloteni imodzi, kawirikawiri palibe chimasintha. Mu 2011, Tamara O'Connor ndi anzake a m'gulu la Isberg anadula zigawo zikuluzikulu za DNA ya Legionella, n'kuchotsa pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a mapuloteni obayidwa aja. Bakiteriya wodulidwayo anaberekanabe bwino m'maselo a mbewa. Koma atamuika m'maamiba a mitundu yosiyanasiyana, anavutika, ndipo chigawo chimene chinali chofunika mwa amiba uyu sichinali chomwecho mwa amiba uyo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Legionella amakumana ndi maamiba a mitundu yambiri, ena osiyana kwambiri kuposa mmene munthu amasiyanirana ndi bowa, ndipo aliyense ali ndi loko wakewake. Mtolo wa makiyi aja anausonkhanitsa kumeneko. Selo la munthu ndi chitseko chimodzi chabe chimene makiyi ena anangopezeka kuti akukwanira.

Makiyi enanso ndi akuba. Mu 2004, gulu la Carmen Buchrieser ku Institut Pasteur, mumzinda wa Paris, litawerenga DNA yonse ya Legionella, linapeza majini ambiri ofanana ndi a zamoyo zokhala ngati amiba ndi ife, osati a mabakiteriya. Kukhalitsa m'mimba mwa amiba kunachititsa kuti azitolako majini a mwininyumba n'kuwasandutsa zida.

Nanga bakiteriya wa TB amachitanso zomwezo?

Cholinga n'chimodzi koma njira ndi ina. Mycobacterium tuberculosis, amene Robert Koch anamulengeza pa 24 March 1882, sapatutsa kathumba. Amakaumitsa paubwana. Mu 1971, J. A. Armstrong ndi Philip D'Arcy Hart ku London anaona kuti timatumba tokhala ndi bakiteriya wa TB wamoyo sitilumikizana ndi lysosome, pamene tokhala ndi wakufa timalumikizana. Pambuyo pake zinadziwika kuti amaletsa timapampu ta asidi tija kukhazikika, moti pH imaima cha pa 6.4. Khungu lakenso ndi lochindikala ndi mafuta okhala ngati phula, losalowa zinthu wamba.

Nayenso ali ndi chipangizo chotulutsira mapuloteni, chotchedwa ESX-1, chimene amaboolera kathumbako. Umboni wa kufunika kwake uli mu katemera wa BCG. Albert Calmette ndi Camille Guérin anaweta bakiteriya wa TB ya ng'ombe kwa zaka 13, kumusamutsa maulendo 230, mpaka anafooka, ndipo katemerayo anayamba kuperekedwa mu 1921. Iwo sankadziwa chimene chatayika. Patapita zaka zambiri m'pamene zinadziwika kuti chigawo cha DNA chimene chinasowa chili ndi majini a ESX-1.

Thupi likalephera kumupha, limamumangira mpanda wa maselo wotchedwa granuloma. M'menemo bakiteriya amatha kukhala phee kwa zaka, munthu ali bwinobwino, osatsokomola, osapatsira wina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi analowedwapo ndi bakiteriyayu, ndipo mwa anthu 100 oterewa, 5 mpaka 10 ndi amene amadzadwala pa moyo wawo. Mu 2023, TB inapha anthu pafupifupi 1.25 miliyoni.

Pali amene amathawa m'kathumbamo?

Alipo, ndipo katswiri wake ndi Listeria monocytogenes, amene amafalikira m'zakudya ndipo amaberekana ngakhale m'firiji. Ali ndi puloteni yoboola khungu yotchedwa listeriolysin O. Chosangalatsa n'chakuti puloteniyi imagwira bwino ntchito pamene pali asidi. Selo likangoyamba kupopera asidi kuti limuphe, ndiye kuti lamunolera lokha mpeni. Akatulukira m'kati mwenimweni mwa selo, momwe mulibe asidi, mpeniwo umabuntha, choncho saboola khungu lakunja la nyumba imene akufuna kukhalamo.

Zimene amachita kenako zimaoneka bwino pa maikulosikopu. Selo lili ndi timitengo ta puloteni yotchedwa actin, tomwe limadzilimbitsira ndi kuyendera. Listeria amachititsa kuti timitengoti tizimangika kumbuyo kwake, ndipo tikamawonjezeka timamukankhira kutsogolo, iye n'kumayenda ndi mchira wautali ngati nyenyezi yothothoka. Lewis Tilney ndi Daniel Portnoy anazifotokoza mu 1989. Akafika pakhungu la selo, amalitukumula ngati chala n'kulowa nalo m'selo loyandikana. Amayenda selo ndi selo osapondako panja, kumene asilikali oyandama m'magazi akanamupeza. N'chifukwa chake amatha kufika ku ubongo kapena kwa mwana wosabadwa. Shigella, Rickettsia ina ndi Burkholderia pseudomallei amayendanso motere.

Ndiye palibe amene amapirira asidiyo?

Coxiella burnetii sangopirira, amaufuna. Amalola kuti kathumba kayende ulendo wake wonse mpaka kulumikizana ndi lysosome, ndipo asidi uja ndi amene amamudzutsa kuti ayambe kudya. Kenako amakulitsa kathumbako mpaka kudzaza pafupifupi selo lonse. Ndi msuweni wa Legionella, ndipo jakisoni wake ndi wa mtundu womwewo wa Dot/Icm.

Matenda ake amatchedwa Q fever. Edward Derrick anawafufuza koyamba mu 1935 pakati pa anthu ogwira ntchito yopha ziweto ku Brisbane, ku Australia. Amachokera ku mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, makamaka pobereka, ndipo mabakiteriya osakwana 10 ndi okwanira kudwalitsa munthu. Ku Netherlands, kuyambira 2007 mpaka 2010, anthu opitirira 4,000 anadwala kuchokera ku mafamu a mbuzi. Kwa zaka zambiri ankaoneka ngati sangamere kunja kwa selo, mpaka mu 2009 Anders Omsland ndi Robert Heinzen anamukonzera chakudya cha asidi chokhala ndi okosijeni wochepa, n'kumera.

Salmonella ndi Chlamydia nawo bwanji?

Salmonella ali ndi majakisoni awiri. Woyamba amabaya nawo selo la m'matumbo, limene mwachibadwa silimeza zinthu, n'kulikakamiza kuti limumeze. Wachiwiri amaugwiritsa ntchito ali kale m'kati, pokonza kathumba kake. Wa taifodi amakwera macrophage ngati galimoto mpaka kukafika ku chiwindi, ku kapamba ndi m'mafupa.

Chlamydia amasinthasintha matupi awiri. Lina ndi laling'ono ndi lolimba, loyendera panja ndi kulowera m'selo. Lina ndi lalikulu ndi lofewa, loberekerana m'kati. Pakatha masiku awiri kapena atatu amabwerera ku thupi loyamba lija n'kutuluka. Amayambitsa matenda opatsirana pogonana komanso trachoma, nthenda ya maso imene imachititsa khungu.

M'katimo amadya chiyani?

Amadya za mwininyumba. Bakiteriya wa TB amakonda mafuta, makamaka cholesterol, ndipo maselo amene ali mu granuloma amadzaza timadontho ta mafuta mpaka kuoneka ngati thovu. Legionella amadalira tizidutswa timene timapanga mapuloteni, ndipo amachititsa makina a selo ophwanyira mapuloteni akale kuti azimugayira chakudya pafupi ndi kathumba kake. Chlamydia ndi Rickettsia amafika poba ATP, mphamvu imene selo ladzipangira kuti ligwiritse ntchito. Pa ayironi ndiye pamakhala kulimbirana kwenikweni: selo limabisa, bakiteriya n'kutulutsa timankhwala togwira ayironi mwamphamvu kuposa mapuloteni a selolo.

Kodi ndiye kuti thupi limangogonja?

Likanamagonja bwenzi tonse titatha. Zoona n'zakuti anthu ambiri amene amapumira Legionella sadwala n'komwe.

Mapuloteni a chitetezo oyandama m'magazi safika m'kati mwa selo, choncho nkhondoyi imadalira maselo otchedwa T. Selo logwidwa limaonetsa tizidutswa ta mlendo pakhungu lake, maselo a T n'kuzindikira. Ena amatulutsa interferon gamma, uthenga umene umadzutsa macrophage kuti awonjezere ukali, ndipo kathumba kamene kanaima panjira kamayambanso kuyenda. Ena amangopha selo lonselo. Apa m'pamene pali chifukwa chimene HIV imayendera limodzi ndi TB: kachilombo ka HIV kamapha maselo a T otchedwa CD4, omwe ndi amene amatumiza uthenga uja ndi kusamalira mpanda wa granuloma.

Selo palokha lilinso ndi njira ziwiri. Limatha kukulunga mlendo wothawa m'kathumba katsopano n'kukamupereka kwa lysosome, pogwiritsa ntchito makina amene limagayira zinyalala zake. Makina amenewa ndi amene anapezetsa Yoshinori Ohsumi mphoto ya Nobel mu 2016. Zikakanika, selo limadzipha lokha mophulika n'kuitana anzake, mlendo n'kutsala poyera.

Pamenepa Legionella amaonekera kuti ndi wakumadzi. Makina ogayira zinyalala aja amiba ali nawonso, ndipo Legionella ali ndi puloteni yotchedwa RavZ yowadula. Koma macrophage wa mbewa zambiri akangonunkhiza puloteni ya mchira wa Legionella, amadzipha nthawi yomweyo, ndipo bakiteriyayo alibe nzeru yobisira mchirawo. Amiba alibe msampha umenewu, ndiye Legionella sanauphunzire. Amene amadwala kwambiri ndi anthu opitirira zaka 50, osuta fodya, odwala mapapo, impso kapena shuga, ndi amene chitetezo chawo chinatsika.

N'chifukwa chiyani mankhwala ena sagwira pa matenda amenewa?

M'labotale muli kachitidwe kena kamene kamayankha funsoli bwino. Ofufuza akafuna kudziwa kuti ndi mabakiteriya angati alowa m'maselo, amasakaniza maselo ndi mabakiteriya m'kambale, n'kudikira kanthawi. Kenako amathiramo gentamicin, mankhwala amphamvu ndithu. Pakatha ola limodzi, amatsuka, kuphwanya maselo, n'kuwerenga mabakiteriya amene atsala amoyo. Onse amene anali panja amakhala atafa. Amene anali m'kati amatuluka ali gwa, ngati sipanachitike kanthu, chifukwa gentamicin savutika kupha koma amavutika kulowa.

Penicillin ndi abale akenso salowa bwino m'maselo, ndiye pa chibayo cha Legionella sathandiza. Madokotala amapereka azithromycin kapena levofloxacin, omwe amaunjikana m'kati mwa macrophage. Pa Q fever, Chlamydia ndi Rickettsia, wodalirika ndi doxycycline. Brucella amafuna mankhwala awiri kwa milungu 6. Lamuloli lili ndi pothera pake: Listeria amachizidwa ndi ampicillin, yemwe ndi wa banja la penicillin lomwelo.

TB imatenga miyezi 6, mankhwala anayi kwa miyezi iwiri kenako awiri kwa miyezi inayi. Kubisala m'selo ndi chifukwa chimodzi chabe. Bakiteriyayu amagawikana kamodzi pa maola 15 mpaka 20, ena amagona osagawikana n'komwe, ndipo mankhwala ambiri amapha amene ali kalikiliki kukula. Munthu akamva bwino pakatha milungu ingapo, amene afa ndi ogalamuka aja. Ogonawo akadalipo, ndipo ndi amene amabwezeretsa matenda mankhwala akasiyidwa panjira.

Madzi amathiridwa klorini. Legionella amapulumuka bwanji?

Bakiteriya woyandama payekha klorini amamupha. Vuto ndi amene ali ndi pobisala. M'kati mwa mapaipi mumamata zoterera zimene mabakiteriya amapanga, ndipo maamiba amadya pamenepo ngati ziweto padambo. Zinthu zikavuta, kaya ndi kuuma, njala kapena mankhwala, Acanthamoeba amadzikulunga n'kudzimangira chikhokho cha makoma awiri. Bakiteriya amene ali m'kati amapulumukira momwemo. Mu 1990, Simon Kilvington ndi J. Price anapeza Legionella ali moyo m'zikhokho zimene zinaikidwa m'madzi a klorini wokwana mamiligalamu 50 pa lita, pamene madzi a pampopi kawirikawiri safika ndi miligalamu imodzi yomwe.

Maamiba amalavulanso timatumba todzaza ndi mabakiteriya, tating'ono moti munthu atha kutipumira mpaka pansi pa mapapo. Ndipo Legionella amene wangotuluka mwa amiba amakhala wolimba ku mankhwala komanso waliwiro polowa m'maselo kuposa amene waweteredwa pambale.

N'chifukwa chake osamalira madzi m'mahotelo, m'zipatala ndi m'mafakitale amalimbana kwambiri ndi kutentha komanso kuyenda kwa madzi. Legionella amachulukana pakati pa madigiri 20 ndi 45. Madzi otentha amasungidwa pa madigiri 60, ozizira asapitirire 20, mapaipi amene sakugwiritsidwa ntchito amadulidwa, ndipo shawa imene yakhalitsa osatsegulidwa imayamba yathamangitsidwa madzi. Nsanja zoziziritsira makina zimafuna kutsukidwa kawirikawiri chifukwa nthunzi yake imauluka makilomita angapo.

Ndingamutenge pomwa madzi kapena kwa munthu wodwala?

Njira yake ndi kupuma timadontho, osati kumwa, pokhapokha madziwo atakutsamwani n'kulowa m'mapapo. Zizindikiro zimayamba pakatha masiku 2 mpaka 10, ndipo mwa odwala 10, pafupifupi mmodzi amamwalira. Kupatsirana pakati pa anthu sikuchitika kawirikawiri moti nkhani yodziwika ndi imodzi, ya ku Portugal mu 2014. Kwa Legionella, mapapo a munthu ndi njira yosatulukira. Ana ake onse amene abadwira mmenemo amathera momwemo. Ku Australia ndi New Zealand kuli mtundu wina wofala, Legionella longbeachae, umene anthu amaupumira m'fumbi la dothi lodzalira maluwa.

Kodi mabakiteriya onse obisala anaphunzirira pa amiba?

Apa anthu amakonda kukokomeza. Pa Legionella umboni ndi wokwanira: amakhala mwa amiba m'chilengedwe, zida zake n'zomwezo mwa amiba ndi mwa munthu, ndipo majini ake ali ndi zipsera za moyo umenewo. Abale a bakiteriya wa TB amene amakhala m'madzi, monga Mycobacterium avium ndi Mycobacterium marinum, nawonso amaberekana mwa amiba. Ofufuza amagwiritsa ntchito amiba wa m'dothi wotchedwa Dictyostelium pophunzira Mycobacterium marinum, chifukwa ndi wosavuta kuweta ndi kusintha majini.

Koma bakiteriya wa TB weniweniyo lero alibe nyumba ina kupatula thupi. Wakhala akuyenda munthu ndi munthu kwa zaka masauzande, ndipo anaphunzira zimene amiba sangaphunzitse: kupirira maselo a T, kubowola mapapo, kutsokomoletsa munthu kuti apeze wina. Kungoona bakiteriya ali moyo mwa amiba m'kambale ka m'labotale si umboni woti kumeneko n'kwawo. Ambiri amangochedwa kugayidwa.

Nanga amiba amapindulapo kanthu?

Kwa Legionella, amiba ndi ndiwo basi. Koma si nthawi zonse zimathera pa imfa. Mu 1966, maamiba a mtundu wa Amoeba proteus amene Kwang Jeon ankaweta m'labotale anagwidwa ndi mabakiteriya, ambiri n'kufa. Iye anasamalira otsalawo. Patapita zaka zochepa, zidzukulu zawo zinali zathanzi, mabakiteriya masauzande ali m'kati. Atapha mabakiteriyawo ndi mankhwala, maamibawo anafanso. Mdani uja anali atasanduka chiwalo.

Zoterezi zinachitikapo kale kwambiri. Timagawo ta m'maselo athu timene timapanga mphamvu, totchedwa mitochondria, tinachokera ku bakiteriya amene analowa m'selo lina zaka zopitirira biliyoni imodzi zapitazo. Mpaka lero timagawoti tili ndi DNA yawoyawo, ndipo ndi ta fuko limodzi ndi Rickettsia. Lynn Margulis anaikira kumbuyo mfundoyi mu 1967, pa nthawi imene ambiri ankaikana.

Kodi mwa amiba mumabisala mabakiteriya okha?

Ayi. Mu 1992, Rowbotham yemwe uja akufufuza chibayo ku Bradford, anatunga madzi pa nsanja yoziziritsira makina n'kupeza tinthu tozungulira tikuberekana mwa Acanthamoeba. Tinkaoneka pa maikulosikopu wamba ndipo tinkagwira utoto ngati mabakiteriya, choncho anatitcha Bradfordcoccus. Koma njira zonse zodziwira mtundu wa bakiteriya zinakanika. Tinatumizidwa ku Marseille, ku France, ndipo mu 2003 gulu la Didier Raoult linalengeza kuti sitinali mabakiteriya ayi, koma vairasi yaikulu kuposa ina iliyonse imene inkadziwika pa nthawiyo, yokhala ndi majini pafupifupi 1,000. Anaitcha mimivirus chifukwa chotengera maonekedwe a bakiteriya. Kukula kwakeko kumaithandiza: amiba amaiyesa chakudya n'kuimeza yekha.